Kapepala ka pa waya: mmene tinayendera nkhani yosintha malo a kuseri kwathu kukhala a mafakitale

Nkhaniyi ine ndinaidziwa mochedwa, nde ndikulemba kuti wina asadzachedwe ngati ine. Kuseri kwa nyumba zathu kunali malo opanda kanthu, ana amaseweramo, ndipo pa mapu a khonsolo malowo analembedwa kuti ndi omangapo nyumba zokhalamo anthu. Tsiku lina pochokera kuntchito ndinaona kapepala kokutidwa ndi pulasitiki atakamangirira pa waya, zilembo zake ting'onoting'ono, kakuti kampani ina yapempha kuti malowo asinthidwe akhale a mafakitale ang'onoang'ono ndi mosungiramo katundu, ndipo amene ali ndi dandaulo alembe lisanafike tsiku lakutilakuti. Nditawerengera masiku ndinapeza kuti ambiri apita kale. Ndinakajambula pa foni pompo, makamaka nambala ya pempholo, chifukwa popanda nambala imeneyo ku ofesi amangokuyang'anani.

Mmawa mwake ndinapita ku ofesi yoona za mapulani ku khonsolo kukapempha failo. Poyamba anandiuza kuti amene amasunga mafailo watuluka, ndinakhala pa benchi mpaka anabwera. Musachite manyazi apa, mwayi woti anthu aone pempho ndi kunenapo maganizo awo ndi chifukwa chake amakhomera notisi ija. Mu failomo chimene ndinayang'anitsitsa ndi pulani ya malo: geti ya malole ili mbali iti, potsitsira katundu ndi pati, jenereta aiika pati, madzi a mvula ochokera pa denga lalikulu lija ndi pa konkire azipita kuti. Ndinapeza kuti geti yayang'ana mu kamsewu kathu komwe ana amadutsa popita kusukulu, ndipo jenereta aiika chakumpanda kwenikweni, kufupi ndi mawindo a zipinda zathu zogona.

Koma chimene chinanditsegula maso ndi mayi wina wa mu ofesimo amene anandifotokozera mwakachetechete kuti kusintha kumeneku kumatsatira malo, sikutsatira kampani. Lero akubwera ndi osunga katundu, aulemu, olonjeza kuti sipadzakhala phokoso, koma akadzagulitsa malowo wogulayo akhoza kuchita china chilichonse chimene chimaloledwa mu gulu limenelo la mafakitale, osafunsanso inu. Nde funso lenileni si loti kodi kampaniyi ndi yabwino, funso ndi loti gulu limeneli limalola chani ndi chani. Pemphani mndandandawo muuwerenge wonse. Ndipo mawu oti ndi mosungira katundu chabe asakugonetseni tulo, funsani kuti katundu wanji. Kuphulika kwa ku doko la Beirut ku Lebanon pa 4 Ogasiti 2020 kunachokera mosungira katundu momwe munali matani pafupifupi 2,750 a ammonium nitrate, mankhwala opangira feteleza ndi zophulitsira miyala, anthu opitirira 200 anafa ndipo nyumba za anthu a mu mzindawo zinaphwasuka. Sindikunena kuti kulikonse kudzaphulika ayi, ndikungoti funsolo ndi loyenera kufunsa ndipo yankho lake lilembedwe.

Kalata yanga yoyamba ndinailemba ndi mkwiyo, yonse inali yoti sitikufuna, mukutipondereza, nyumba zathu zitsika mtengo. Mwamwayi ndisanaipereke ndinaionetsa kwa neba wathu amene anagwirapo ntchito yoyeza malo, anangopukusa mutu nkuti, achimwene, izi akaziwerenga aziika pambali, komiti yogamula mapempho otere imayang'ana zifukwa za kamangidwe ka mzinda, phokoso, misewu, utsi, ngalande, chitetezo, ndi ngati pempholi likugwirizana ndi pulani yaikulu ya mzinda imene iwo eni anavomereza. Zinandipweteka chifukwa mtengo wa nyumba kwa ine ndi nkhani yaikulu, ndi thukuta la zaka zambiri, koma ananena zoona.

Nde ndinayambiranso. Pa phokoso ndinaika apu yoyezera pa foni, siyolondola ngati makina a akatswiri koma imakupatsa chithunzi, ndinayeza usiku pa windo la chipinda chathu kwa masiku angapo ndikulemba mu kope, kenako ndinapita madzulo ena pafupi ndi malo ena osungira katundu omwe akugwira kale ntchito ndinayezanso. Kusiyana kwake ndinakumva ndi makutu ndisanayang'ane nkomwe pa foni, kulira kwa malole akamabwerera chambuyo, zitseko zachitsulo, mainjini a mafiriji osazima usiku onse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2009 linalangiza kuti phokoso la usiku kunja kwa nyumba lisamapitirire madesibelo 40 (muyeso wa kukula kwa phokoso) pa avereji ya chaka, ndipo dziwani kuti madesibelo akakwera ndi 10 khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri. Pa utsi ndinalembamo kuti mu 2012 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linaika utsi wa injini za dizilo mu gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu, nde malole oima pamzere injini zikulira pafupi ndi makhonde athu si nkhani ya fungo chabe. Pa msewu, akatswiri a misewu amadziwa kuyambira pa kafukufuku wa bungwe la akuluakulu oyang'anira misewu la AASHO ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kuti kulemera kwa pa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala a galimoto, kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Kamsewu kathu anakamangira magalimoto ang'onoang'ono, nde ndinafunsa kuti kakakumbika adzakonza ndani.

Chovuta kwambiri sichinali mapepala, chinali ife tomwe. Tinatsegula gulupu ya WhatsApp ndipo tsiku loyamba lomwe tinakangana. Anyamata ena amati inu muli pa ntchito ndiye mukufuna kutitsekera mwayi, ndipo ine sindinawaone ngati adani, ntchito pafupi ndi kunyumba ndi chinthu chenicheni, palibe amene angakane. Ochita lendi ena amati ife sizikutikhudza tidzangosamuka, pomwe eni nyumba ena amene sakhala konkuno anali chete poganiza kuti mwina adzagulitsa bwino kwa kampani yotsatira. Mmenemo ndi mmene dera la nyumba limathera, osati tsiku limodzi, koma mmodzi wagulitsa, pabwera galaja ya malole, woyandikana naye watopa wagulitsanso, pempho lotsatira limadutsa mosavuta chifukwa amati onani derali lasintha kale. Titakambirana kwa nthawi tinagwirizana kuti tisamenyere kukana kokha, timenyere zoti zilembedwe mu chilolezo. Tinagwirizananso kuti banja lililonse lilembe kalata yakeyake yonena za pakhomo pake, uyu za mwana wa mphumu, uyu za madzi amene amalowa kale pabwalo mvula ikagwa, mmalo mwa pepala limodzi la masiginecha. Ochita lendi nawo analemba. Popereka makalatawo tinapita ndi makope awiriawiri kuti ena atidindire tibwerere nawo.

Ku msonkhano wa komiti amakupatsa mphindi zochepa kwambiri, nde tinagawana, wina phokoso, wina msewu, ine ndinatenga za mtsogolo mwa malowo. Woimira kampani anabwera ndi zithunzi zokongola za mitengo ndi kapinga. Ine manja amanjenjemera koma ndinanena kuti lamulo logawa mzinda m'zigawo linabwera pofuna kuteteza pogona anthu, New York inakhazikitsa lake mu 1916 ndipo khoti lalikulu la ku America linavomereza mchitidwewu mu 1926 pa mlandu wa mudzi wa Euclid, pomwe kampani ina imafuna malo ake akhale a mafakitale koma mudziwo unawaika kukhala a nyumba. Kenako ndinangowapempha kuti zonse zimene bamboyo walonjeza pakamwa zilowe mu pepala.

Pempho linadutsa, sindikubisirani, ndipo usiku umenewo sindinagone. Koma linadutsa ndi mfundo zomangirira: geti ya malole inasamutsidwira ku msewu waukulu, kutsitsa ndi kukweza katundu usiku kunaletsedwa, jenereta inapita mbali ina ndipo iyenera kukhala m'kachipinda kotchinga phokoso, pakati pa mpanda wawo ndi nyumba zathu pasiyidwe mpata wodzalamo mitengo, ngalande amange asanayambe ntchito, ndipo ntchito zina za mu mndandanda uja monga kusungunula zitsulo ndi kusunga mankhwala oopsa zinachotsedwa pa malo amenewa. Zoti aganizire kaye anthu a m'dera polemba ntchito anangolonjeza pakamwa, sizinalembedwe, ndipo anyamata aja mpaka pano amandifunsa.

Ndinabwereranso ku ofesi kukatenga kope ya chigamulocho, ndinafunsanso za nthawi yochitira apilo chifukwa imakhala yochepa, ngakhale pamapeto pake sitinachite. Kopeyo ndinaijambula ndikuiika pa gulupu kuti aliyense akhale nayo. Mwezi wachiwiri atatsegula, lole inabwera pakati pausiku nkuyamba kutsitsa katundu, ndinadzuka ndikujambula vidiyo yoonetsa nthawi, mmawa ndinalemba kalata yotchula nambala ya mfundo imene aphwanya. Anachedwa kuyankha, ndinalembanso kachiwiri, kenako woyendera malo anabwera ndipo za usikuzo zinasiya. Mitengo ija anadzala koma ina inauma, kalata ya zimenezo ndapereka sabata yathayi ndipo ndikudikira yankho.