Sabata yanga yoyamba m'wodi ya ana ku Zomba

Ndinayamba ntchito m'wodi ya ana Lolemba lina m'mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwa mosalekeza, phiri la Zomba litafunda mtambo kuyambira m'mawa. Ndinali nditangomaliza maphunziro a udokotala ku Blantyre, kusukulu imene ambiri amaitchulabe kuti College of Medicine ngakhale kuti kuyambira mu 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo patsogolo panga panali miyezi 18 imene dokotala watsopano amagwira ntchito moyang'aniridwa asanalembetsedwe kotheratu ndi Medical Council of Malawi. Nyengo yadzinja ndi imene malungo amavuta kwambiri, motero nditalowa ndinapeza amayi atakhala m'mbali mwa mabedi, aliyense ali ndi kabuku ka kuchipatala ka mwana wake m'manja, ena atachokera ku Jali, ena ku Mayaka, enanso m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa.

Tsiku loyambalo linatha ndikutsatira dokotala wamkulu pa raundi, kulemba mafayilo ndi kutenga magazi oti akayezedwe. Kupeza mtsempha padzanja la khanda limene latsegula m'mimba masiku atatu ndi ntchito imene buku silingaphunzitse munthu, ndipo amene anandisonyeza poyang'ana ndi mmene ndingagwirire kadzanjako anali namwino wachikulire amene wagwira m'wodimo zaka zambiri.

Lachiwiri ndinali pa call, kutanthauza kuti ndinali dokotala woitanidwa kukabwera wodwala usiku. Cha m'ma 11 koloko usiku anabweretsa mwana wamwamuna wa zaka zitatu, ataberekedwa kumbuyo kwa amayi ake, agogo ake akutsatira atanyamula mtolo wa ziwiya. Thupi linali lamoto, maso atatembenuka, ndipo amayiwo anati mwanayo wagwidwa linjirinjiri kawiri ali panjira. Tinamuyeza kulemera, anakwana makilogalamu 12, ndipo magazi a pachala anasonyeza kuti ali ndi malungo. Ndinayesa kuona mmene akumvera pogwiritsa ntchito muyeso wa Blantyre coma score, umene unapangidwa konkuno ku Malawi ndipo umayambira pa 0 kufika pa 5. Mwanayu anali pa 2, kutanthauza kuti anali chikomokere.

Maganizo anga onse anathamangira ku jekeseni wa artesunate, mankhwala a malungo aakulu, ndipo ndinali pakati powerengera mlingo wake, mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse popeza mwanayo sanafike makilogalamu 20, pamene namwino uja anandiyandikira nanena motsitsa mawu kuti, “Adokotala, shuga tamuyeza kodi?” Tinali tisanamuyeze. Titayeza tinapeza kuti shuga wa m'magazi watsika kwambiri, chinthu chimene chimachitika kawirikawiri kwa mwana wodwala malungo aakulu amene wakhala osadya, ndipo chingathe kupha kapena kuwononga ubongo pakanthawi kochepa. Tinamupatsa mamililita 60 a madzi a shuga otchedwa dextrose kudzera mumtsempha, kenaka artesunate, ndipo patapita mphindi zingapo anayamba kukoka mwendo ndikamutsina. Chimene chinandikhudza ndi momwe a sisitawo anandikumbutsira. Sanakweze mawu pamaso pa makolo, ndipo amayi a mwanayo sanadziwe n'komwe kuti panali chimene chinatsala pang'ono kuiwalika.

Nditafunsitsa bwino, agogo aja ndi amene anafotokoza nkhani yonse mwatsatanetsatane: tsiku limene kutentha thupi kunayamba, phala limene mwanayo anakana dzulo lake, ndi maola amene anadikira kuti madzi aphwe pamtsinje asanaoloke. Ndimakhulupirira kuti osamalira odwala, amene timangowatcha agadiyani, sitiwapatsa ulemu wokwanira. Ndiwo amagona pansi pafupi ndi bedi, ndiwo amaona mwana akasintha kapumidwe pakati pa usiku, ndipo dokotala amene sakhala pansi kuwamvetsera amataya theka la zimene akanadziwa.

Lachinayi linali tsiku lolemera. Kunabwera kamtsikana kamene malungo anali atakathera magazi, zikhato ndi zikope zake zitayera mbuu, kakupuma mobanika. Tinakaika pa oxygen ndi kuyamba kukapatsa magazi, koma kanatisiya dzuwa lisanalowe. Aka kanali koyamba kuti ndiuze kholo kuti mwana wamwalira. Ndinapempha amayiwo kuti tikhale pansi pamalo oduka mphepo, ndinaitanitsa mchemwali wawo amene anali panja, ndipo ndinati, “Mayi, pepani kwambiri, tayesetsa koma mwana watisiya.” Iwo sanayankhe kanthu, anangovula chitenje chapamwamba n'kumufunditsa mwanayo mosamala ngati akugona. Ndinatuluka panja kanthawi pang'ono, koma m'wodimo munali ana ena odikira mankhwala a madzulo, choncho ndinasamba m'manja n'kubwerera.

Mwana wa Lachiwiri uja anali atalandira kale artesunate katatu, pa nthawi yoyamba, patapita maola 12 ndiponso patapita maola 24. Lachisanu m'mawa ndinamupeza atakhala tsonga pamiyendo ya agogo ake, akulimbana ndi supuni ya phala ndipo akulira mwamphamvu atandiona, kulira kumene m'wodi ya ana timakulandira ndi chimwemwe. Tinamusinthira ku mankhwala akumwa a LA.

Loweruka tisanawatulutse ndinakhala nawo pabedi kuwafotokozera kamwedwe kake: piritsi limodzi m'mawa, limodzi madzulo, kufikira masiku atatu atakwana, mwana atadya kaye, ndipo osasiyira panjira ngakhale aoneke kuti wachira. Ndinawauzanso kuti azigona m'neti usiku uliwonse, ndi kuti akaona kuti sakuyenda kapena kuyankhula monga kale abwerere msanga, chifukwa malungo a muubongo nthawi zina amasiya chilema. Ndinawapempha agogowo kuti abwereze zimene ndanena, ndipo anabwereza zonse osaphonya. Anamanga mapiritsiwo pamfundo ya chitenje, amayi anabereka mwana, ndipo ananyamuka mofulumira kuti akapeze minibasi ya ku Jali mvula isanayambenso.