Keke ya apongozi

Lachinayi apongozi anga anatumiza uthenga woti Loweruka afika kuchokera ku Ntcheu. Mayi a kunyumba anali pa ntchito ya usiku sabata yonseyo, ndiye ine, mwamuna wodzimva, ndinati ndiwaphikira keke. Osati chigumu ayi, keke yeniyeni, kuti akakambe kumudzi kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi chidole.

Ufa, mazira, shuga, majarini ndi soda ndinagula pa okala. Chotsala chinali miyeso basi. Lachisanu usiku ndinagula bandulo ya 100 MB kuti ndiifufuze pa intaneti, n'kumadziuza kuti mizere khumi ya mawu singadye ndi theka lomwe.

Tsamba lisanaonetse kanthu, kunatulukira kabokosi kondifunsa ngati ndikuvomera ma cookies. Ndinati anthu awa ndi aulemu bwanji, ndapempha keke akundiwonjezera mabisiketi. Ndinavomera onse.

Kenako mayi mwini tsamba, wa ku America uko, anayamba nkhani. Agogo ake, khitchini ya agogo akewo, galu wawo amene anamwalira. Zithunzi za keke imodzimodziyo zinali mbwee, kutsogolo, m'mbali, pamwamba, ngati mkwatibwi patsiku la ukwati. Pakona vidiyo inayamba yokha kunditsatsa galimoto, ine munthu wa kabaza. Ndikati ndidine ka X kotsekera, tsamba linkadumpha, chala n'kukagwera pa malonda a nsapato. Foni inatentha ngati mbatata ya paphulusa.

Patapita nthawi ndinafika pa miyeso ija. Ufa makapu awiri, shuga kapu imodzi, mazira atatu, soda... ndipo pomwepo chikwangwani china chinabwera n'kukhala phwatha pa mzere wa sodawo. Ndinadina kuti tsamba litsegukenso. Kagudumu kanazungulira, kanazungulira, foni n'kulira ndi uthenga woti bandulo yatha. Timayunitsi tomwe ndinasungira kuimbira apongozi akafika pa depoti tinapitanso momwemo.

Sodayo ndinangoganizira. Ndinati popeza ndi amene amafufumitsa, kuchuluka sikulakwa: masupuni atatu odyera phala. Ndinaika poto pa mbaula, makala ena pa chivundikiro. Keke inafufuma mpaka kunyamula chivundikirocho, inasefukira m'makala, kenako inaphwa pakati ngati dzenje la mumsewu.

M'mawa kunabwera mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira za makompyuta. Nditamufotokozera anaseka mpaka misozi.

"Malume, mawu omwe mumafunawo sangakwane ndi 1 KB yomwe, pomwe mu MB imodzi muli ma KB pafupifupi 1,000. Zina zonsezo mwalipirira katundu wa eni."

Anati ma cookies aja si mabisiketi, ndi tizizindikiro totsalira mu foni toti otsatsa malonda azindilondola kulikonse ndapita. Anati masiku ano tsamba wamba limapitirira 2 MB, pomwe ka diski kaja ka floppy, komwe bambo ake ankasungiramo ntchito yonse ya ku ofesi, kankalowa 1.44 MB basi. Tsamba loyamba padziko lonse, lomwe Tim Berners-Lee anaika mu 1991 ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi ku Ulaya, linali mawu okhaokha, lopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Ndipo kompyuta yomwe inatsogolera anthu ku mwezi mu 1969 inali ndi malo osungira zomwe ikuwerengetsa okwana pafupifupi 4 KB.

Ndiye kuti anthu anakafika kumwezi n'kubwerako, ine ndi 100 MB yanga ndinalephera kufika pa soda.

Apongozi anafika masana, atadziyendera okha kuchokera pa depoti, dengu la mbatata lili pamutu. Mayi a kunyumba anaiyang'ana keke ija, anandiyang'ana ine, osanena kanthu. Ndinadula mbali yomwe sinapserere, ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri.

Anatafuna nthawi yaitali. Anameza ndi tiyi wambiri. Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Bambo a Chisomo, mwagwira ntchito ndithu. Koma ndifunse nawo, sopo mwathiramoyu ndi wochapira kapena wosambira?"

Nditaulula za masupuni atatu aja anagwira pachifuwa. "Kasupuni kamodzi ka tiyi, bambo, kosadzaza. Bwanji simunandiimbire?"

Ndinayang'ana foni yanga yopanda mayunitsi ija, n'kuwathirira tiyi wina.