Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Mlendo kumbuyo kwa kalasi

M'gawo lapitali ndinafotokoza mmene ndinayambira ntchito yophunzitsa fizikisi pa yunivesite. Chimene sindinanene n'chakuti panalibe amene anandiphunzitsapo kaphunzitsidwe. Ndinkangotsanzira aphunzitsi anga: kuyankhula ola lathunthu, kudzaza bolodi, kenako n'kufunsa ngati pali funso. Kalasi ikakhala chete ndinkati amva, koma ndikayamba kuchonga mayeso mtima unkandiwawa.

M'chaka changa chachitatu, mayi wina wachikulire wa m'dipatimenti ya masamu anandiitanira ku kagulu ka aphunzitsi 6 kamene kankakumana kawiri pa mwezi. Pangano lawo linali lakuti aliyense azilola mnzake kudzaonerera pamene akuphunzitsa, ndipo zimene waonazo zisafike kwa akuluakulu oona za kukweza anthu pa ntchito. Ndinazengereza miyezi iwiri, chifukwa ndinkaopa kuti anzanga adziwa kufooka kwanga.

Tsiku limene mayiwo anabwera, anakhala kumbuyo ndi kope ndi wotchi basi. Titatuluka anati, "Achimwene, phunziro lanu mumalidziwa bwino. Koma mwafunsa mafunso 9, ndipo onse mwayankha nokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Anandiuza za kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1970 wa Mary Budd Rowe, katswiri wa kaphunzitsidwe ka sayansi wa ku America, amene anapeza kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, pamene kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo kumachititsa kuti ophunzira ochuluka ayankhe, ndiponso kuti ayankhe mozama. Ndinachita manyazi, komabe mtima unapepuka, popeza vuto langa linali lodziwika ndipo linali ndi mankhwala ake.

M'kagulu komweko ndinamva za Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi pa yunivesite ya Harvard ku America, amene cha m'ma 1990 anazindikira kuti ophunzira ake ankakhoza masamu a fizikisi asakumvetsa malamulo a Newton ofotokoza kayendedwe ka zinthu. Njira yake ndi yoti mphunzitsi afunse funso lofuna kuganiza, aliyense asankhe yankho payekha, akambirane ndi woyandikana naye, kenako ayankhenso. Nditayesa koyamba zinandikanika, chifukwa funso langa linali lophweka kwambiri moti panalibe chotsutsana. Anzangawo ndi amene anandithandiza kulikonza, makamaka mphunzitsi wa mbiri yakale, amene posadziwa fizikisi ankaona msanga pamene mawu anga ankasokoneza munthu. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti kagulu ka anthu a maphunziro osiyanasiyana kamathandiza kuposa ka anthu a dipatimenti imodzi.

Nditafunsa funso lokonzedwalo, m'kalasi munabuka phokoso la kukambirana, ndipo mtsikana wina amene anali asanayankhulepo chiyambire temu anaimirira n'kutsutsa yankho la anzake ambiri. Iye ndiye analondola. Sabata yotsatira inali nthawi yanga yokakhala kumbuyo kwa kalasi ya mayi aja, ndipo zimene ndinaona kumeneko ndidzazifotokoza m'gawo likubwerali.