Tsiku lomwe ndinasanduka ntchentche yopanda Robo

Mpaka lero anzanga a m'kalasi dzina langa analiiwala, amangonditchula "Robo" basi, ndipo ndilibe woti nkumuloza chala.

Inali nthawi ya mapulezenteshoni, ine anandipatsa mutu wa momwe mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi (osati ya magazi ija) imadziwira njira mwana akamaumbika m'mimba. Ndinawerenga masiku atatu tulo osatiwona. Nkhani yake ndi yokomatu, kunsonga kwa mtsempha kumakhala ka growth cone, kangati kadzanja kopapasa mumdima, wasayansi wina wa ku Spain, Ramón y Cajal, anakaona kalekale mu 1890 pa kamwanapiye kadakali m'dzira. Ndiye pali mapuloteni, wina Netrin amakodola kuti bwera kuno, wina Slit amathamangitsa. Koma kuti mtsempha umve kuthamangitsako pamafunika "khutu" lake lotchedwa Robo. Mu tintchentche tija timaunjirira nthochi zowola, Robo akasowa mtsempha umaoloka pakati pa thupi, nkubwerera, nkuolokanso, kumangozungulira pompo. Dzinalo linachokera pamenepo, Robo ndi chidule cha roundabout.

Tsiku lake ndinati ndifike mwaulemu, ndabwereka galimoto ya alamu anga, laisensi ili ndi masabata awiri okha. Ndafika pa raundabauti ina mu Lilongwe muno cha m'ma 7 koloko, magalimoto ali thithithi, sindikudziwa chinandilowa ndi chani ndinangozipeza ndili leni yamkati. Kuti ndikhotere kumanzere nditulukemo, minibasi yatseka. Ndazungulira. Kachiwiri lole ya mchenga. Kachitatu ndati ndiyatse indiketa, mmalo mwake mawaipa ndi amene ayamba kupukuta galasi dzuwa likuswa mtengo. Thukuta kamukamu, tayi ikundikanyanga pakhosi, kumbuyo mahutala okhaokha, kondakitala wina watulutsa mutu pawindo akuti "madala mwataya chani pamenepo tikuthandizeni kufuna?"

Kachisanu watrafiki anachita kuimitsa magalimoto onse kuti ine ndidutse. Ndaima pambali wabwera akuseka, "achimwene, mukupita kuti kodi?" Ine ndi mantha aja pakamwa panangotuluka kuti "bwana ndikukaphunzitsa za mitsempha yosochera njira." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati ndiuzire mpweya kunkhope kwake amve ngati ndalawa kachasu.

Ndinafika mochedwa ndi maminitsi 20, shati yanyowa kumsana konse. Koma ndinalimba mtima, Netrin ndafotokoza bwinobwino, Slit chimodzimodzi, aphunzitsi akugwedeza mutu. Nditangofika poti mtsempha wopanda Robo umangozungulirazungulira, kumbuyo kwayamba kukhosomola kwachilendo. Kani theka la kalasi linali mu minibasi ija.

Mtsikana wina wakweza dzanja mwaulemu wake wonse.

"Pepani, ndimafuna ndidziwe, mtsemphawo umazungulira kangati usanatuluke? Poti ife m'mawawu tinawerenga kasanu."

Aphunzitsi anavula magalasi nkumapukuta misozi ndi tayi.