Kutsatira baseball muli ku Tete: vuto ndi wotchi

Amene munazolowera baseball muli ku America, tsopano mukukhala ku Moatize kapena ku Ulongwe, dziwani kuti chosautsa chachikulu si intaneti ayi, koma nthawi. Nyengo ya MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, imayamba kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Seputembala, timu iliyonse masewero 162. M'miyezi imeneyi ife kuno timatsogola ndi maola 6 poyerekeza ndi New York. Masewero oyamba 7 koloko madzulo kumeneko, kuno ndi 1 koloko usiku. A ku Los Angeles ndiye 4 koloko m'bandakucha, ndipo amenewa ndi abwinoko: gonani msanga, mudzuke ndi atambala, masewero akamatha mukumwa tiyi.

Lamlungu ndiye tsiku lanu. Matimu ambiri amasewera masana, cha m'ma 1 koloko ku New York, kuno ili 7 koloko madzulo.

Kanema wa MLB.TV, app yoonerapo masewerowa pa intaneti, amadya ma mega koopsa, poti masewero amodzi amapitirira maola awiri ndi theka ngakhale anaikapo wotchi yofulumizitsa woponya mpira mu 2023. Tsitsani kwalite ya kanema, kapena ingomverani mawu okha, omwe sadukaduka kwambiri ngakhale netiweki ya Movitel kapena Vodacom itafooka. Onaninso mayunitsi a magetsi a Credelec kusanade. Mayunitsi kuthera mu inning ya 7, masewero ali pafupi kutha, n'zowawa.

Ngati mukufuna kudzaonera m'mawa, zimitsani mauthenga a app musanagone. Mukapanda kutero, foni idzakuuzani amene wapambana musanasukusule n'komwe.