Tsiku limene ndinagwadira kabawi

Kwathu ku Dedza kabawi akangozungulira pamwamba pa khola, mudzi wonse umakuwa. Kuno ku England, pamalo osungirako mbalame zolusa pomwe ndimagwira ntchito, kabawi ndi bwana. Ali ndi sikelo yake, buku lake, ndi anapiye ake a mufiriji.

Wanga ndi wamkazi, wa mtundu wa Harris wochokera ku America. Ndinamutcha Nangozo. Chilimwe chonse sauluka, amakhala m'khola akuthothoka nthenga, ndipo timamudyetsa mokhuta kuti zatsopano zimere zolimba. Ikafika Seputembala timamuchepetsera chakudya pang'onopang'ono, nkumuyamba pa chingwe chachitali mpaka azibwera yekha pa golovesi. Musaganize kuti amabwera chifukwa chokukondani. Ndi njala basi. Nangozo amamvera akamalemera magalamu 950. Akapitirira ndi 40, kulemera kwa mwanapiye mmodzi, amakuyang'anani ngati munthu wodzangongola.

Ndiye m'mawa uliwonse timaona kaye ngati walavula kampira ka nthenga ndi mafupa a dzulo, tiika sikelo pa ziro, timukweza pakamtengo ka sikeloyo, tilemba nambala.

Tsikulo, mu Novembala, zala zitauma ndi chisanu, ndinatsamiritsa golovesi pasikelo, nkudina ziro, nkuvala golovesiyo kukatenga mbalame. Sikelo inati 950 ndendende. Ndinadzitamanda mumtima.

Masana kunabwera ana asukulu basi yodzaza. Ndinamasula timalamba ta kumiyendo, Nangozo nkunyamuka mokongola, ana kuwomba m'manja. Anakatera pansonga ya mtengo wautali kuseri kwa mpanda, nafutukula nthenga, nakweza mwendo umodzi. Aliyense wosunga mbalamezi akaona mwendo umodzi m'mwamba amadziwa kuti nkhani yatha, mayi akhuta.

Ndinaliza mluzu. Zii. Ndinaonetsa mwendo wa mwanapiye, kenako mwanapiye wathunthu, kenako ndinamumanga pachingwe nkumamukoka mu udzu ngati wamoyo, ine ndikulira "piyo piyo". Kamnyamata kena kanafunsa aphunzitsi ngati zimenezi zili m'gulu la chionetsero.

Nthawi imeneyi kuno kumada isanakwane 5 koloko. Kawayilesi kamene timamumangirira kumchira kuti tizidziwa kumene ali kankangolira malo amodzi, ndiye ntchito inali kudikira agone pomwepo, ndidzabwere kusanache. Ndili chogwada m'matope, foni inalira. Amayi, pa vidiyo.

"Iwe, uli kuti kumeneko? Chili m'manjacho nchiyani?"

"Mwanapiye, amayi."

"Wa chiyani?"

"Ndikupatsa kabawi. Akukana."

Anakhala chete kanthawi. Kenako ndinamva akuitana: "Abambo ake, tabwerani mudzaone kumene kunapita fizi yathu."

Nangozo anatsika mawa lake cha m'ma 10, ine nditayima pansi pa mtengo kuyambira mbandakucha. Abwana sanakalipe. Anangoika golovesi yanga pasikelo, inati 90. Ndiye kuti dzulo lake ndinaulutsa mbalame ya magalamu 1,040, imene mnzanga anaipatsanso anapiye osachotsa yolko, ndiye chikasu cha dzira chotsalira m'mimba mwawo, yomwe imanenepetsa msanga.

Pano golovesi ndimaipachika pamsomali ndisanayandikire sikelo. Amayi nawo anatumiza uthenga kudzera kwa mlongo wanga, akuti akapeza wobwera kuno amupatsira legeni.