Mng'alu wa pakati pa mzere: pamene chitsulo chosema mosavuta chikumana ndi chitsulo wamba

Mlimi wina wa ku Ngabu anandibweretsera bushi yosemedwa bwino pa lathe, makina osemera zitsulo, yosalala ngati galasi, kuti ndiiwotcherere pa puleti ya chitsulo wamba yogwirizira pampu yake yothirira m'dimba. Ndinatenga rodi ya 6013 monga mwa masiku onse, koma ndili mkati mwa ntchito ndinaona kuti chitsulo chosungunuka chikuwira ndi kuthetheka mwachilendo, ndipo nditagogoda makoko otsalira pamwamba pa powotchererapo ndinapeza mng'alu wopyapyala ngati ulusi ukuyenda pakati penipeni pa mzere wonse umene ndinawotcherera. Ndinapala ndi gilayinda, n'kuwonjezera moto poganiza kuti sunalowerere, koma mng'alu unabwerera uli wokulirapo.

Bushi ija inali ya mtundu umene amautcha free-machining steel, kapena kuti chitsulo chosema mosavuta, monga EN1A, 1215 kapena 12L14, umene amauthira dala sulufule wochuluka kuti posema, zinyenyeswa zizidukaduka m'malo mopotana pa mpeni wa lathe. Chitsulo wamba chimakhala ndi sulufule wosapitirira 0.05 peresenti, pomwe 12L14 imakhala ndi 0.26 mpaka 0.35 peresenti, kuphatikizapo mtovu. Wosema amakondwa nacho, koma wowotcherera ndiye amalira nacho.

Chimene chimachitika n'chakuti chitsulo chimauma pa madigiri pafupifupi 1,500, pamene msanganizo wa sulufule ndi chitsulo umakhalabe wamadzimadzi mpaka pansi pang'ono pa madigiri 1,000. Mzere umayamba kuuma m'mbali kulowera m'kati, choncho madzimadziwa amakankhidwira pakati, ndipo pamene mbali ziwirizo zikukokana pozizira, pakatipo pamakhala palibe chogwira. Powonjezera moto ndinangosungunula bushi yambiri, n'kuthira sulufule winanso mu mzere. Kutenthetsa chitsulo musanayambe, kumene kumathandiza pa zitsulo za kaboni wambiri, sikuchotsa vuto limeneli.

Zikakakamiza kuti ndiwotcherere chitsulo chotere, ndimachepetsa moto, ndimalozetsa rodi kwambiri ku mbali ya chitsulo wamba, ndipo ndimayala mzere wotambalala ndi wotumphuka pang'ono, osati wopapatiza ndi wakuya. Pomaliza mzere ndimabwerera m'mbuyo pang'ono kudzaza kadzenje kotsalira, chifukwa ming'alu yambiri imayambira pamenepo, ndipo sindimanga zidutswazo mothinitsa kwambiri kuti zipeze mpata wokokana. Rodi ya 7018 imaposa 6013 chifukwa chikuto chake chimachotsako sulufule, ndiponso manganese ake amagwira wotsalayo kuti aume msanga. Koma kuno kuchigwa, nthawi ya dzinja pamene chinyontho cha ku Elephant Marsh chimadzaza m'mashedi, 7018 yosiyidwa pamtetete imamwa madzi n'kubweretsa timabowo, choncho iyenera kukhala m'chitini chotseka bwino kapena mu uvuni wa marodi.

Yodalirika koposa ndi rodi ya stainless (chitsulo chosachita dzimbiri) ya 312, kapena 309, ndipo njira yabwino ndi kuyamba mwakuta nkhope ya bushi ndi mzere umodzi wopyapyala, kenaka n'kulumikiza pamwamba pa mzerewo. Mtengo wake ndi wowawa, ndipo ine ndimachita kukwera Thabwa kukaigula ku Blantyre, koma paketi imodzi imakhalitsa. Ngati chitsulocho chili ndi mtovu, ntchito ichitikire panja, mphepo ikuchotsa utsi kumaso, ngakhale dzuwa la Okutobala litaswa mtengo.

Ngakhale zonsezi zitatsatidwa, ekiselo ya ngolo kapena shafuti ya chigayo yopangidwa ndi chitsulo chotere sindiilandira, chifukwa mng'alu wobisika ukhoza kudzaonekera ngolo ili yodzaza ndi thonje. Pa ntchito ya mlimi uja tinabwerera kwa wosema, amene anavomera kuti anatenga chidutswa chotsala chosalembedwa dzina, ndipo anasema bushi ina kuchokera ku chitsulo wamba. Yachiwiriyi ndinaiwotcherera ndi 6013 yomwe ija, ndipo mzere unatuluka wopanda banga.